Kompyuta Yopanda Miyendo

3 Febuluwale

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu ndi bambo. Kuno ndili bwino, kungoti unamwino ndi ntchito yoimirira tsiku lonse.

Ndalemba kalata m'malo moyankhula pa kompyuta chifukwa Lamlungu bambo amakhala ali pomwepo, ndipo sindifuna kuti azimva ife tikukangana. Ndapatsira a Dalaivala a thiraki aja amene amachoka kuno kudutsa kwanuko kawiri pa mwezi. Yankho mupatsire iwo omwewo.

Kompyuta yakaleyo yatopa, taona tonse. Lamlungu lapitali inazima katatu, ndipo nkhope ya bambo inkangooneka ngati ali mu utsi. Ndaganiza zogula ina. Koma ndinakumvani muli kuseri kwa mpando wa bambo mukuti, "Bola laputopu." Alamu, ndikuuzireni poyera kuti laputopu ayi.

M'nyumba mmenemo chinthu chilichonse chonyamulika chimamera miyendo. Wayilesi imene ndinatumiza ili kuti? Foni yaikulu ija ili kuti? Nanga simbi yamagetsi? Ine sindinanene kuti munaba inu. Ndikungoti zinalowera pakhomo n'kutulukiranso pakhomo pomwepo, inu muli momwemo mukusoka zovala zanuzo.

Ndigula ya patebulo, desikitopu, chibokosi chake pansi, sikirini yaikulu pamwamba. Maso a bambo safuna kagalasi kakang'ono. Ikhale pabalaza pamene pali yakaleyo, pansi pa chithunzi cha malemu amayi, kuti Lamlungu lililonse 3 koloko masana ndiziwaona bambo ali pampando wawo. Chimene chimandilimbitsa mtima kunja kuno n'chimenecho basi.

Mchimwene wanga walemba? Ndi mwezi wachitatu uno chichokereni kukafuna ntchito, ine sananditumizirepo ngakhale moni. Mwamuna sangochoka panyumba chete popanda chomuthamangitsa, koma zimenezo mukuzidziwa ndinu.

Ndine mwana woyamba wa m'nyumbamo,
Namwino

17 Febuluwale

Alamu anga Anamwino,

Moni wanu ndalandira, ngakhale unali wouma. Bambo akudya bwino ndipo akupereka moni.

Mwafunsa za wayilesi, foni ndi simbi. Miyendo imene zinamera ndi ya achimwene anu. Tsiku limene ankanyamuka anazilonga m'chikwama chakuda chija, ine ndikuona, bambo akuonanso. Afunseni bambowo. Koma poti achimwene anu ndi magazi anu, wakuba ndikhale ine wobwerane. Chabwino.

Za chomwe chinawathamangitsa, mukawapeza mundifunsireko nanenso.

Tsopano za kompyuta. Inu kumene muliko magetsi sazima, ndiye mwaiwala. Mwezi watha Lamlungu awiri simunayankhulane ndi bambo chifukwa magetsi anathima 2 koloko. Laputopu ili ndi batire, ikanayaka. Chachiwiri, chibokosi cha pansi pa tebulocho ndi nyumba ya fumbi ndi nyerere, ndipo amene amagwada kuchipukuta ndine. Chachitatu, tebulolo ndi lomwe ndimadulirapo nsalu za makasitomala. Sikirini yaikulu ikakhala pamenepo, ine ndizidulira pamutu panu?

Pali chifukwa china, chachikulu kuposa zonsezi, koma sindingachilembe. Ndikungokupemphani kuti kamodzi kokha pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndakhala m'banja lanu, mundikhulupirire. Gulani laputopu. Ngati mukuopa, lembanipo dzina lanu ndi penti.

Ndine mlamu wanu,
Telala

17 Febuluwale

Amuna anga, ngati mukadali amuna anga,

Iyi ndi kalata yachinayi. A Dalaivala akuti zitatu zija anasiya kwa mlonda wa pamalo pamene munanena kuti mukugwira ntchito, ndiye musadzanene kuti simunamve.

Ndibwerezanso poti mwina mumawerenga ndi diso limodzi. Bambo anu anagwa m'bafa mu Disembala, patangopita milungu itatu inu mutachoka. Anavulala m'chiuno. Kuchipatala anachita zomwe akanatha, koma miyendo ikukana kuwanyamula, ndipo dzanja lamanja likunjenjemera moti supuni ndimagwira ndine. Ndimawasambitsa ndine, kuwatembenuza ndine, kutaya ndowa ndine. Manyazi a apongozi ndi mpongozi anatithera tonse mlungu woyamba.

Anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti achemwali anu asadziwe mpaka Juni. Akuti mapepala awo a ntchito kunjako atuluka mu Juni, ndipo akachoka asanatuluke, ntchito yathera pomwepo. Akuti amamudziwa mwana wawo, akangomva adzasiya zonse n'kukwera basi. Ndinalumbira.

Ndiye tamvani zomwe timachita Lamlungu lililonse. 2 koloko ndimawameta ndevu, kuwaveka shati yoyera, tayi, ndi jekete yawo ya ku positi ija. M'munsi ndi bulangete chabe, poti kamera yakaleyo imangoonetsa kuyambira pachifuwa. Kenako ndimaitana a Zitsulo, aneba athu owotchererawa, timawakhazika pampando n'kuwanyamula kuchoka kuchipinda mpaka pabalaza. Kanjira ka m'nyumbamu mukukadziwa kuchepa kwake. Pokhota paja mpando umayenera kupendekeka, ndipo bambo amaluma thaulo kuti asakuwe. Akafika amapukuta thukuta, 3 koloko ikakwana amaseka ndi mwana wawo ngati palibe kanthu. Akatero Lolemba ndi Lachiwiri sadya bwino chifukwa cha ululu.

N'chifukwa chake ndikufuna laputopu. Ndizingowakhazika tsonga pabedi pomwepo, tayi ali m'khosi, khoma kumbuyo, basi. Yakaleyo ndinayesa kuisamutsira kuchipinda, koma achemwali anu akapanda kuona chithunzi cha amayi kumbuyo amafunsa mafunso zana, komanso soketi ya kuchipinda inapsa kalekale. Ikanakhala laputopu ndikanangoti bambo akufuna kamphepo ka pawindo.

Achemwali anu akuti ndine wakuba. Ndikawauza zoona ndaphwanya lumbiro, ndikakhala chete ndine wakuba. Inu ndi amene mungawauze kuti foni ndi wayilesi munatenga ndinu. Mzere umodzi wokha. Kodi cholembera chikulemerani kuposa mmene bambo anu akundilemerera ine?

Ndine amene munamusiya,
Telala

2 Malichi

Mwana wanga,

Ndikupereka moni. Ine ndili bwino ndithu, usadere nkhawa ngakhale pang'ono.

Usadabwe ndi kalembedweka. Magalasi anga athyoka mwendo, ndiye ndikunena ine, akulemba mlamu wako.

Ndamva kuti mukukangana za kompyuta. Ine maganizo anga ndi akuti ugule yaing'ono yopindayo, imene mlamu wako wanena. Ndikufuna ndiziyenda nayo m'nyumba muno mmene ndafunira. Za wayilesi ndi foni usamunamizire, anatenga ndi mchimwene wako ine ndikuona.

Limbikira ntchito. Usaganize zobwera mapepala ako asanatuluke. Ndipo uzilemba chaka pa deti, osati tsiku ndi mwezi zokha. Ndakhala ndikukuuza kuyambira uli kusukulu.

Ndine bambo ako

16 Malichi

Alamu,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino.

Mwandiyesa chitsiru. Bambo anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, ndipo chibadwire sindinaonepo munthu wina akuwalembera kalata. Tsiku lina anadzicheka chala chachikulu, koma analemba ndi bandeji yomwe. Lero mukuti magalasi athyoka mwendo? Lamlungu lapitali anali atavala magalasi omwewo, miyendo yonse iwiri ili m'makutu. Ndinayang'anitsitsa dala.

Nanga siginecha ija n'chiyani? Bambo amasayina dzina lonse n'kudula mzere pansi. Pakalata yanu pali kokhotakhota ngati padutsa nyongolotsi. Mwafika potengera siginecha ya munthu wamkulu chifukwa cha laputopu? Nkhani ya chaka pa deti munaiikamo mwaluso, ndakuyamikirani. Mumamvetsera bwino akamayankhula.

Ndinafuna kuwafunsa Lamlungu, koma ndinaona kuti atopa ndipo inu munali mutaima kumbuyo kwawo ngati msilikali. Sindiwachititsa manyazi pamaso panu.

"Chifukwa china chimene sindingachilembe" ndachidziwa. Mukufuna kumayenda nayo m'maofesi mukuonetsa azimayi masitayilo a madiresi, kenako tsiku lina tidzamva kuti yaiwalika m'basi.

Nkhani yatha. Desikitopu ndagula kale, a Dalaivala abwera nayo pamodzi ndi kalatayi. Ili ndi kamera yatsopano yoonetsa bwino, komanso kabokosi kosunga moto magetsi akazima, ndiye nyimbo ya batire ija muisiye. Munthu wa kushopu ya makompyuta adzabwera kudzailumikiza, ndipo ndamuuza aikonze kuti ndikaimba iziyankha yokha, pasadzakhale zoti sitinamve. Ndalemberanso a Zitsulo kuti aipangire khola lachitsulo, alikhomerere kukhoma ndi mabawuti, atsekepo loko. Kiyi apatsire a Dalaivala abwere nayo kuno.

Nsalu zanu muzidulira pamphasa. Tebulolo anagula ndi amayi anga.

Namwino

1 Epulo

Anamwino,

Moni. Katundu wanu wafika ndipo wamangidwa monga munalamulira.

A Zitsulo poyamba anakana. Analowa kuchipinda kukayankhula ndi bambo, anatuluka nkhope itagwa, n'kuyamba kuyeza khoma. Bambo anawauza kuti achite zomwe mwana wanena. Agwira masiku awiri. Khola ndi lolimba, musadandaule. Mabawuti asanu ndi atatu alowa mukhoma mpaka pulasitala wagwa, chithunzi cha amayi anu tachikweza pang'ono. Chibokosi chili mkati, sikirini ili mkati, angosiya windo loonera ndi kabowo ka chala poyatsira. Ngakhale kiyibodi ili ndi tcheni chake. Kiyi nayo mu envelopuyi, muivale m'khosi.

Makasitomala anga akulowa n'kumafunsa ngati tatsegula banki. Mayi wina anafunsa kuti, "Kodi mwaberedwa?" Ndinamuyankha kuti ayi, wakubayo ndi amene akukuyezani m'chiunoyu. Anaseka, ine sindinaseke.

Ndikudulira pamphasa tsopano. Msana unali kale ndi ntchito ina yolemetsa, ndiye mwauwonjezera.

Kalata ija ananena ndi bambo mawu onse, ndipo kokhotakhota kaja analemba ndi dzanja lawo. Zinawatengera nthawi yaitali. Mawu anu a nyongolotsi sindinawawerengere.

Tionana Lamlungu pa chuma chanucho.

Telala

8 Epulo

Alamu,

Lero moni ndilibe.

Dzulo anandisinthira nthawi ya ntchito, ndiye ndinaimba hafu pasiti thu m'malo mwa 3 koloko. Kompyuta inayankha yokha. Kamera yatsopanoyi imaonetsa balaza lonse, mpaka khomo la kanjira kopita kuzipinda. Pampando wa bambo panalibe munthu, ndiye ndinadikira.

Kenako ndinaona msana wa a Zitsulo ukutuluka chafutambuyo m'kanjiramo. Ndinaona mpando utapendekeka. Ndinaona bambo anga, tayi m'khosi, thaulo kukamwa, misozi ikutsika, miyendo ikulendewera pansi pa bulangete, yowonda ngati ya mwana. Inu munali kumbuyo mutagwira mpando, mukuti, "Pang'ono bambo, tatsala pang'ono." Munawatsitsa, munawachotsa thaulo, munawapukuta kumaso, munawakonza tayi. Kenako bambo anakweza maso n'kundiona pa sikirini. Anati, "Zimitsa." Inu munalowetsa chala pakabowo paja.

Ndine namwino ine. Miyendo ija si ya munthu amene wadwala mlungu umodzi. Ndi miyezi ingati? Itatu? Inayi? Ndakhala ndikutembenuza makolo a anthu ena usana ndi usiku, bambo anga akuola pabedi, inu mukundilembera za nyerere ndi fumbi. Munali ndi pepala, munali ndi cholembera, munali ndi a Dalaivala. Mzere umodzi unakukanikani?

Musandiuze kuti anakuletsani. Munthu wodwala amanena zambiri, wamoyo ndi amene amaganiza. Kapena mumafuna ndidzamve atapita kale, mchimwene wanga kulibe, ine ndili kunja, nyumba itsale ndi inu? Ndafunsa, ndipo ndili ndi ufulu wofunsa.

Mundiyankhe izi msanga. Ali ndi zilonda kumsana kapena m'matako? Mumawatembenuza kangati pa tsiku? Akumwa mankhwala anji, ndipo anawalembera ndani? Mkodzo ukutuluka bwino? Musawanyamulenso pampando paja, mukuwapha.

Laputopu yanu ija nayo, ndagula lero m'mawa. Mwapambana. Muiike pabedi pawo.

Namwino

22 Epulo

Anamwino,

Moni ine ndikupatsani, poti ndi womaliza.

Mafunso anu ndiyankha. Zilonda alibe, ngakhale chimodzi, miyezi inayi yonseyi. Ndimawatembenuza maola awiri aliwonse, kuwapaka mafuta kumsana ndi ku zidendene. Mayina a mankhwala ndakopera papepala lina, lili momwemu. Mkodzo ukutuluka bwino, ndowa ndimataya ndine ndiye ndikudziwa. Mukapeza cholakwika pa ntchito yanga, inu odziwa, mundilembe.

Mwati mzere umodzi unandikanika. Mzere umodzi ndinalemba pa 17 Febuluwale. Ndinati mundikhulupirire. Bambo anu nawonso analemba, inu munati nyongolotsi. Anandilumbiritsa chifukwa cha mapepala anu a Juni, kuti ntchito yanu isathe. Lumbirolo sindinaphwanye. Inaphwanya ndi kompyuta yanu yoyankha yokhayo. Kuyambira tsiku limenelo bambo sakufuna kuvala tayi, ndipo akuti munthu asawametenso ndevu.

Za wayilesi ndinapirira. Za foni ndinapirira. Khola lachitsulo pabalaza ndinalipirira, ndikulipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Koma zoti ndikudikira bambo afe kuti nditenge nyumba, zimenezo zandilowa m'mafupa. Ndinawerenga ndili ndi beseni la madzi awo osamba pamiyendo. Ndinalira, osati pang'ono, ndipo ndinakudani. Mpaka pano ndikukudani.

Ndikuchoka Loweruka. Ndapeza kachipinda kuseri kwa msika, kokwana ine ndi makina anga. Bambo sindinawataye. Ndapeza mayi wina amene anasamalirapo odwala, ndakhala naye mlungu wathunthu ndikumuonetsa kagwiridwe, kuti azilowetsa dzanja pansi pa phewa, osakoka mkono. Mayiyo azigona pabalaza. A Zitsulo azithandiza m'mawa ndi madzulo. Za malipiro a mayiyo mukambirane naye nokha.

Ndawapempha a Zitsulo kuti Loweruka adzasanthule katundu wanga ndisanatuluke, adzakulembereni zomwe apeze. Adzapeza makina osokera, sizasi ziwiri, tepi yoyezera, zovala zanga ndi mapoto awiri amene ndinabwera nawo.

Laputopu yafika. Ndaitchaja pabalaza, ndaiika pa kampando pafupi ndi bedi. Sindinaitsegule. Mwati ndi yanga ndipo ndapambana. Ine sindinkapikisana ndi munthu, ndinkangofuna kuti bambo asamalume thaulo.

Achimwene anu akadzatulukira, muwauze kuti makalata anga asanu akafunse kwa mlonda.

Telala

6 Meyi

Mwana wanga,

Ndikupereka moni. Akulemba ndi a Zitsulo, ndiye ukaona zilembo zazikuluzikulu usanenenso kuti wina wandibera mawu. Dzanja langa linasiya kugwira cholembera mu Disembala. Chaka pa deti sanalembe, ndawauza koma akuti pepala ladetsedwa kale.

Sindili bwino. Ndanama mokwanira.

Bodza linali langa. Ndinamulumbiritsa mlamu wako ndine, ndipo a Zitsulo atafuna kukana khola lija ndinawakakamiza ndine, poopa kuti ungafunse chifukwa. Ndinasankha kuti mwana wa eni azitchedwa wakuba kuti mwana wanga asataye ntchito. Iye anavomera, ine ndinagona chete ndikumva mabawuti akulowa mukhoma. Tinamulakwira awiri, iwe ndi pakamwa, ine ndi kukhala chete.

Loweruka lija anabwera kudzanditsanzika. Ananditembenuza komaliza, anandikonzera pilo, anauza mayi watsopanoyu kuti tiyi ndimamwa atazirala. A Zitsulo anakana kusanthula katundu wake, ndiye anamasula yekha mitolo yonse pakhonde, aneba akuona.

Mayi watsopanoyu ndi wabwino, koma amagona tulo tofa nato, ndipo kumsana kwanga kwayamba kuwawa pamalo amodzi. Laputopu ili pomwe anaisiya mlamu wako. Mayiyu akukana kuikhudza. Akuti anamva mbiri ya nyumba ino, safuna kuti chikasowa chinthu adzatchulidwe iye. A Zitsulo akuti manja awo ndi a nyundo, angaiphwanye. Ine chivindikiro chake chikundikanika kutsegula. Lamlungu ndinamva yaikuluyo ikuyankha yokha pabalaza, ndinakumva ukuitana, "Bambo, bambo." Ndinayankha, koma mawu anga safika kumeneko.

Usabwere Juni asanakwane. Ukabwera, ndiye kuti thaulo lija ndinalumira pachabe, ndipo mlamu wako anatukwanidwira pachabe.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Usandilembere ine, umulembere iye. A Dalaivala akudziwa pamene akukhala, ndi kuseri kwa msika, khomo lobiriwira. Usamutumizire katundu, usamufotokozere zifukwa zako. Umupepese ndi dzanja lako, mawu ochepa. Kaya abwerera kaya sabwerera, zimenezo ndi zake, ndipo akakana sindidzamuimba mlandu.

Za katundu wako usade nkhawa. Palibe chasowa. Loko ali pomwepo, mabawuti onse asanu ndi atatu ali pomwepo. Unkafuna chinthu chosayenda, ndipo m'nyumba muno tatsala awiri opanda miyendo, kompyuta yako pabalaza, ine kuchipinda.

Ndine bambo ako